Kukonza kafukufuku woyerekeza mankhwala a ziphuphu za amayi: spironolactone ndi doxycycline

Mayi wazaka 29 akafika kuchipatala ziphuphu zitamukakamira pachibwano ndi m'nsagwada, mankhwala opaka atalephera, dokotala amakhala ndi njira ziwiri zapafupi. Yoyamba ndi doxycycline, mankhwala opha mabakiteriya omwe amaphwetsanso kutupa. Yachiwiri ndi spironolactone, piritsi lakale la odwala mtima ndi kuthamanga kwa magazi, lomwe limatchinga mahomoni a androgen kuti asachulutse mafuta m'khungu. Kuti tidziwe omuyenera mayiyu ndi ati pamafunika kafukufuku woika mankhwala awiriwa pambali pambali. Yankho la kafukufuku wotere limadalira kwambiri zomwe okonza asankha ali patebulo, mayi woyamba asanameze piritsi, makamaka kutalika kwa kafukufukuyo ndi chinthu chomwe adzayeze pamapeto. Mukaphonya ziwirizi, ngakhale mutalemba amayi 1,000, mudzayankha funso lomwe dokotala uja sanafunse.

Funso likwane m'chiganizo chimodzi

Musanalembe china chilichonse mu protocol, chikalata cha ndondomeko ya kafukufuku, lembani funso. Mwachitsanzo: kodi mwa amayi azaka 18 mpaka 45 omwe ali ndi ziphuphu zapakatikati kumaso, spironolactone wa 100 mg patsiku amachepetsa ziphuphu zotupa mofanana ndi doxycycline wa 100 mg patsiku pofika sabata ya 24, onse akupaka benzoyl peroxide, mankhwala opaka a ziphuphu?

M'chiganizochi muli mawu amodzi olemera kuposa ena onse: "mofanana". Kufunsa ngati mankhwala ena akuposa anzake ndi funso lina, kufunsa ngati sakuchepera kwambiri ndi linanso, ndipo masamu ake ndi osiyana. Pa mankhwala awiriwa funso lachiwirili, lomwe akatswiri amalitcha non-inferiority, lili ndi chifukwa chomveka. Kumwa mankhwala opha mabakiteriya miyezi yambirimbiri kumathandiza tizilombo kuphunzira kupirira mankhwala, n'chifukwa chake malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a chaka cha 2021 amati aperekedwe kwa masabata 12 kenako awunikidwe, ndipo asapitirire miyezi 6 popanda chifukwa chapadera. Ngati spironolactone akungofanana ndi doxycycline, wapambana kale, poti angathe kumwedwa nthawi yaitali popanda vuto limenelo. Koma sankhani funso lanu tsopano ndi kulilemba. Kuyamba ndi funso la kuposa, kenako n'kudzalengeza kuti mankhwala ndi ofanana chifukwa kusiyana sikunaoneke, ndi kulakwitsa: kafukufuku wa anthu ochepa saona kusiyana ngakhale kulipo.

Masabata 12 ndi ochepa

Makafukufuku ambiri a ziphuphu amathera pa sabata ya 12, motsatira chizolowezi cha olembetsa mankhwala atsopano ku bungwe la FDA la ku America. Kwa mankhwala opaka nthawiyi imakwana. Kwa mankhwala okhudza mahomoni siikwana, ndipo umboni wake ndi kafukufuku wa SAFA, wotsogoleredwa ndi University of Southampton, womwe unasindikizidwa m'magazini ya BMJ mu 2023. Amayi 410 a ku England ndi Wales anagawidwa pawiri, ena pa spironolactone, ena pa placebo, piritsi lofanana maonekedwe koma lopanda mankhwala. Anayamba ndi 50 mg patsiku kwa masabata 6, kenako 100 mg mpaka sabata ya 24. Pa sikelo ya zizindikiro ya Acne-QoL, mafunso omwe mayi amayankha yekha za ziphuphu zake, yomwe imayambira pa 0 kufika 30, kusiyana kwa magulu awiriwa kunali 1.27 pa sabata ya 12, koma 3.45 pa sabata ya 24, mokomera spironolactone. Amayi onena okha kuti nkhope yasintha anali 72 pa 100 alionse ku spironolactone ndi 68 ku placebo pa sabata ya 12, kusiyana kosadalirika. Pa sabata ya 24 anali 82 ndi 63.

Manambalawa akuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, spironolactone amayenda pang'onopang'ono, choncho kumuyeza pa sabata ya 12 pambali pa doxycycline, yemwe amagwira msanga, n'kukondera doxycycline. Chachiwiri, onani kuchuluka kwa amayi a ku placebo omwe anati apeza bwino. Munthu amalembetsa kafukufuku nkhope itafika poipitsitsa, ndipo ziphuphu mwa chikhalidwe chake zimakwera n'kutsika. Onjezani kuti akayamba kuonedwa mwezi ndi mwezi amapaka mankhwala ake mokhulupirika. Kafukufuku wa gulu limodzi lokha, woyerekeza nkhope ya poyamba ndi ya pomaliza, adzayamikira mankhwala alionse.

Ndiye ikani chiyeso chachikulu pa sabata ya 24, ndipo sabata ya 12 ikhale yachiwiri. Apa pamabwera vuto: kodi gulu la doxycycline limwe miyezi 6 yonse? Ofufuza a ku France mu kafukufuku wa FASCE, wa amayi 133, anapereka doxycycline wa 100 mg kwa miyezi itatu kenako placebo miyezi itatu, pomwe gulu linalo linamwa spironolactone wa 150 mg miyezi yonse 6, onse akupaka benzoyl peroxide. Spironolactone ndiye anachita bwino, makamaka pa mwezi wa 6. Njirayi ikufanana ndi zomwe madokotala amachita kuchipatala, ndipo ife tingaisankhe, bola munene poyera kuti pa sabata ya 24 mukuyerekeza njira ziwiri za chithandizo, osati mapiritsi awiri omwedwa masiku ofanana. Ngati ndalama zilola, tsatirani amayiwo mpaka sabata ya 52, chifukwa chomwe mayi amafuna kudziwa n'chakuti akasiya kumwa ziphuphu zibweranso liti.

Olowa ndi osalowa

Lembani malire omveka: zaka 18 kupita m'tsogolo, ziphuphu za kumaso zomwe zakhalapo miyezi 6 kapena kuposerapo, ndi kukula kwake pa sikelo ya IGA, yomwe imayambira pa 0, nkhope yoyera, kufika pa 4, ziphuphu zoopsa. Ikaninso chiwerengero chochepetsetsa cha ziphuphu zotupa, mwachitsanzo 10. Amayi akuluakulu nthawi zambiri amakhala ndi ziphuphu zochepa koma zakuya ndi zowawa, kotero mukatengera malire okwera a makafukufuku a achinyamata mudzataya ambiri mwa omwe mukuwafuna. Omwe ali ndi ziphuphu zikuluzikulu zakuya zosiya zipsera asalowe. Iwo amafunika kuonedwa za isotretinoin, mankhwala amphamvu a ziphuphu zoopsa, ndipo chipsera sichibwerera.

Mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena amene akufuna mimba m'miyezi ikubwerayi salowa, chifukwa doxycycline saperekedwa kwa wapathupi ndipo spironolactone angathe kusokoneza kakulidwe ka mwana wamwamuna m'mimba. Yezani potaziyamu wa m'magazi, yemwe spironolactone amatha kumukweza, ndi kagwiridwe ntchito ka impso pa tsiku loyamba. Potaziyamu akapitirira malire a labotale yanu, kapena eGFR, muyeso wa kagwiridwe ntchito ka impso, ikatsika pansi pa 60, mayiyo asalowe. Funsani mankhwala onse omwe akumwa, dzina ndi dzina, ndipo ndi bwino abwere nawo m'manja. Enalapril, losartan ndi anzawo amakweza potaziyamu. Chimodzimodzi co-trimoxazole, yemwe ambiri amamudziwa kuti Bactrim. Ku Britain nkhani ya Bactrim ndi yapatali, koma ku Malawi ndi ku Zambia anthu ambiri omwe ali ndi HIV amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku podziteteza ku matenda, choncho protocol ya kuno iyenera kunena mosabisa chochita nawo: kuwapatula, kapena kuwalemba ndi ndondomeko yawoyawo yoyeza magazi pafupipafupi. Kungokhala chete pa nkhaniyi ndiye koopsa.

Kulera ndi nkhani yovuta kuposa momwe imaonekera. Mumafuna kuti mayi aliyense akhale pa njira yodalirika, koma njira zolerazo zimasinthanso ziphuphu. Mapiritsi olera a mahomoni awiri amazichepetsa. Jakisoni wa Depo-Provera ndi zoika pamkono monga Jadelle ndi Implanon, zomwe zili ndi homoni imodzi yokha ya progestin, zimatha kuziwonjezera. Mayi akayamba mapiritsi olera sabata yomwe akulowa kafukufuku, simudzadziwa chomwe chayeretsa nkhope yake. Lamulo likhale lakuti akhale atagwiritsa ntchito njira yomweyo kwa miyezi itatu asanalowe, ndipo asaisinthe mpaka sabata ya 24. Akasintha, lembani tsiku lake, osamuchotsa. Omwe ali ndi PCOS, vuto la mahomoni losokoneza msambo ndi kumeretsa ndevu, musawapatule, chifukwa ndi ena mwa odwala enieni a matendawa. Ingolembani.

Pali funso lina lomwe mafomu okonzedwa kunja salifunsa: mafuta oyeretsa khungu. Ambiri ogulitsidwa pamsika amakhala ndi steroid wamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, ndipo steroid amabweretsa ziphuphu zakezake, tating'ono tofanana msinkhu tomera nthawi imodzi. Izi sizomwe mukuyesa kuchiza. Mukafunsa kuti "Kodi mumadziyeretsa khungu?" ambiri adzakana chifukwa cha manyazi. Nenani kuti, "Mayi, pobwera sabata yamawa mutenge zonse zomwe mumadzola kumaso, ngakhale sopo," ndipo namwino awerenge zolembedwa pa chubu chilichonse. Wosiya steroid nkhope imayamba yaipa isanakhazikike, motero mupatseni masabata osachepera 4 musanamuyeze koyamba. Nthawi yopumira mankhwala ena mayi asanalowe ikhale motere: masabata awiri kwa opaka, masabata 4 kwa opha mabakiteriya akumwa, miyezi 6 kwa isotretinoin.

Maere ndi kubisa

Wosankha gulu la mayi akhale kompyuta, osati dokotala, osati tsiku la sabata, osati nambala ya khadi. Mndandanda wa maere aukonze katswiri wa masamu yemwe sakumana ndi odwala, m'magawo osinthasintha kukula, a anthu 4 ndi 6, kuti wolemba anthu asathe kulosera gulu lotsatira. Gawani maerewo molingana ndi chipatala, kukula kwa ziphuphu pa IGA, ndi mtundu wa kulera. Zitatuzi zakwana. Mukachulutsa timagulu, tina timadzakhala ndi anthu awiri kapena atatu okha ndipo kulinganiza kumasokonekera. Komwe intaneti ndi yosadalirika gwiritsani ntchito mabotolo olembedwa manambala otsatizana, okonzedweratu ku famase. Maenvelopu ndi njira yomaliza, chifukwa munthu wofunira wodwala wake zabwino amatha kuyang'anitsa envelopu padzuwa.

Doxycycline nthawi zambiri ndi kapisozi, spironolactone ndi piritsi. Kuti pasapezeke wodziwa gulu, mayi aliyense amwe zonse ziwiri, china chenicheni china placebo. Werengani bwino pooda mankhwala. Masabata 24 ndi masiku 168. Piritsi limodzi la 50 mg kwa masiku 42, kenako awiri patsiku kwa masiku 126, ndi mapiritsi 294 kwa mayi mmodzi. Wa gulu la doxycycline alandira mapiritsi 294 a placebo, makapisozi enieni 84 ndi makapisozi a placebo 84. Wa gulu la spironolactone alandira makapisozi a placebo 168. Onjezani a masiku 7 m'botolo lililonse kaamba ka ochedwa kubwera. Spironolactone ali ndi kafungo kake, choncho placebo afanane naye ngakhale pa fungo, apo ayi onse atsekeredwe m'makapisozi ofanana. Uzani onse malangizo amodzimodzi: kapisozi amezedwe ndi madzi odzaza kapu, munthu ali chikhalire kapena chiimire, asagone kwa mphindi 30, chifukwa doxycycline akakakamira kum'mero amawotcha. Mapiritsi owonjezera magazi a ayironi ndi mankhwala a chilungulira amwedwe patadutsa maola awiri kapena atatu, poti amalepheretsa doxycycline kulowa m'thupi.

Ngakhale mutero, thupi limaulula. Wa spironolactone amakodza pafupipafupi, msambo umasokonekera, mawere amawawa. Wa doxycycline amachita nseru kapena kupsa ndi dzuwa. Chifukwa cha ichi wofunsa za zovuta za mankhwala asakhale yemwe amawerenga ziphuphu, ndipo mayi auzidwe kuti m'chipinda chowerengera asakambe za msambo kapena mseru. Pa sabata ya 24 funsani mayi ndi wowerenga, aliyense payekha, gulu lomwe akuganiza kuti anali, ndipo mayankhowo muwasindikize.

Mankhwala opaka akhale amodzi kwa onse, operekedwa ndi kafukufuku: benzoyl peroxide wa 5 peresenti, wochuluka ngati njere ya nsawawa, nkhope yonse, usiku. Achenjezeni kuti amachititsa nsalu kusuluka. Mayi amene waononga chitenje chake chatsopano kapena pilo amasiya kupaka osakuuzani. Perekaninso sopo wofatsa ndi mafuta osatseka timabowo ta khungu, ndipo yezani kulemera kwa chubu chilichonse chikamabwezedwa.

Kuwerenga ziphuphu

Ntchito yonse imaima kapena kugwa m'chipinda ichi. Mayi asambe kumaso, achotse phauda yense, akhale pansi mphindi 15 kuti kufiira kobwera ndi kupukuta kuthe. Nyali ikhale yomweyo ulendo uliwonse, yoyera, yowalira chakutsogolo, makatani otseka kuti dzuwa la m'mawa ndi la masana lisasinthe zooneka. Wowerenga avale magolovesi, agawe nkhope m'zigawo, chipumi, tsaya lamanja, tsaya lamanzere, chibwano, ndipo azitsata dongosolo lomwelo nthawi zonse. Awerenge padera ziphuphu zotupa, zolimba ndi za mafinya zomwe, padera timabowo totsekeka ta nsonga yakuda kapena yoyera, padera ziphuphu zikuluzikulu zakuya. Pamphuno timabowo totsekeka sitiwerengedwa, chifukwa n'kovuta kutisiyanitsa ndi timabowo wamba ta mafuta. IGA aiyambe kulemba asanawerenge, ataima patali pang'ono, kuti nambala ya ziphuphu isamukokere maganizo.

Malire a nkhope muwalembe ndi kuwajambula mu protocol. Kwa amayi akuluakulu ziphuphu zambiri zimakhala m'mphepete mwa nsagwada ndi pansi pake cha kukhosi, dera lomwe owerenga ena amalisiya. Sikelo ya AFAST, yomwe FASCE anagwiritsa ntchito, inapangidwa kuti deralo liziyezedwa palokha. Mukasiya nsagwada mwasiya malo omwe mahomoni amaonekera kwambiri.

Pa khungu lakuda pali zina zofunika kuphunzitsa mwapadera. Mabuku ambiri amati chiphuphu chotupa n'chofiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, chimangooneka choderapo. Ndipo chiphuphu chikapola chimasiya banga lakuda lomwe limakhala miyezi yambiri. Wowerenga wosazolowera amalakwitsa mbali zonse ziwiri: amaphonya zotupa zenizeni, n'kuwerenga mabanga akale ngati ziphuphu. Chothandiza ndi chala. Chotukuka pansi pa chala chiwerengedwe, chosalala ndi banga. Nyali yaing'ono yowalitsa cham'mbali imaonetsa mthunzi wa chotukuka. Mabangawo muwayeze paokha ngati chiyeso chachiwiri, chifukwa kwa amayi ambiri akuda ndiwo amawavutitsa kuposa ziphuphu zenizenizo, ndipo sikelo ya PAHPI inapangidwira ntchito imeneyi. Mu SAFA amayi omwe sanali azungu anali pafupifupi 7 pa 100 alionse. Kafukufuku wochitikira ku Blantyre, Lilongwe kapena Lusaka angayankhe zomwe chiwerengero chochepa chotero sichingathe.

Owerenga asachuluke, awiri kapena atatu pa chipatala, ndipo mayi mmodzi aziwerengedwa ndi munthu yemweyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Musanayambe kulemba anthu, owerenga onse awerenge nkhope 10 zomwezo aliyense payekha, muyerekeze, mukambirane posiyana, ndipo mubwereze miyezi 6 iliyonse chifukwa diso limasintha pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Jambulani zithunzi zitatu ulendo uliwonse, cha kutsogolo ndi za m'mbali ziwiri, kamera yomweyo, mtunda womwewo, kumbuyo nsalu yomweyo. Zithunzi zimathandiza kuti katswiri wina wapadera ayese IGA osadziwa gulu, koma sizilowa m'malo mwa chala. Nkhope imazindikirika, choncho chilolezo cha zithunzi chikhale chapadera, ndipo zisasungidwe m'foni ya wantchito kapena kutumizidwa pa WhatsApp.

Ikani masiku obwera pa masabata 4 alionse, kapena pa 6, 12 ndi 24 ngati ndalama zachepa, ndipo lembani tsiku loyamba la msambo wapitawo ulendo uliwonse. Amayi ambiri ziphuphu zimawachulukira atatsala pang'ono kusamba. Mpata wa masabata 4 umathandiza kuti mayi aziyezedwa pa nyengo yofananako ya mwezi wake.

Chiyeso chachikulu chikhale chimodzi. FDA imayang'ana kusintha kwa chiwerengero cha ziphuphu pamodzi ndi kupambana pa IGA, kutanthauza kufika pa 0 kapena 1 mutatsika masitepe osachepera awiri. Muyeso womalizawu ndi wouma. Mu SAFA ofika pamenepo pa sabata ya 12 anali 19 pa 100 alionse ku spironolactone ndi 6 ku placebo. SAFA anasankha kuti chachikulu chikhale mawu a mayi mwini kudzera mu Acne-QoL, ndipo pali nzeru pamenepo, chifukwa nkhope ndi yake. Koma mafunso a Acne-QoL ndi a DLQI, oyeza momwe matenda a khungu amakhudzira moyo wa munthu, analembedwa m'Chingerezi. Kuwagwiritsa ntchito m'Chichewa kumafuna chilolezo cha eni ake, omasulira awiri ogwira ntchito paokhapaokha, wachitatu wobwezera m'Chingerezi osaona choyambirira, kenako kuwayesa pa amayi 10 kapena 15 omwe afotokoze m'mawu awo zomwe amva pa funso lililonse. Namwino womasulira pakamwa pamaso pa wodwala amasintha funso ulendo uliwonse. Ngati kumasulira koyenera sikunachitike, chachikulu chikhale chiwerengero cha ziphuphu zotupa.

Amayi angati

Nambala zotsatirazi ndi zongoyerekezera poonetsa masamu, zanu mutenge ku kafukufuku woyesera kapena ku zosindikizidwa kale. Tiyerekeze kuti mukufunsa za kuposa, ndipo mukuyembekeza kuti opambana pa IGA akhala 20 pa 100 gulu lina ndi 35 pa 100 gulu linalo. Pa mphamvu ya 90 peresenti, kutanthauza mwayi wopeza kusiyana ngati kulipodi, ndi mulingo wa 0.05 wa mbali ziwiri, mwayi wololedwa wopeza kusiyana kwabodza, mufunika amayi 185 gulu lililonse. Ngati 20 pa 100 adzasiyira panjira, gawani 185 ndi 0.8, mupeza 232, onse pamodzi 464. Ambiri amalakwitsa apa powonjezera 20 peresenti pamwamba pa 185, zomwe zimapereka 222, ochepa.

Pa non-inferiority zonse zimadalira malire omwe mwavomereza kuti kuchepera kwake n'kosadetsa nkhawa. Ngati standard deviation, muyeso wa kumwazikana kwa manambala, ya kusintha kwa ziphuphu zotupa ndi 10, malire a ziphuphu 5 amafuna amayi 85 gulu lililonse, pomwe malire a ziphuphu zitatu amafuna 234. Chilakolako chosankha 5 chifukwa n'chotsika mtengo chimakhala chachikulu, ndipo muchikane. Kwa mayi woyamba ndi ziphuphu 15, kutsala ndi 5 zowonjezera si nkhani yaing'ono. Malire akhale ocheperapo ndithu kuposa phindu lomwe doxycycline amakhala nalo pa placebo, apo ayi mungathe kulengeza kuti mankhwala osagwira ntchito ndi ofanana naye. Khalani pansi ndi amayi omwe ali ndi ziphuphu, muwaonetse zithunzi, muwafunse kusiyana komwe angakulole posinthana ndi kusamwa mankhwala opha mabakiteriya.

Chitetezo

Yezani mimba pogwiritsa ntchito mkodzo tsiku lolowa ndi ulendo uliwonse. Ikapezeka, mankhwala aleke tsiku lomwelo, gulu lake liululidwe kwa dokotala womusamalira, nkhani ikaperekedwe ku komiti yoyang'anira kafukufukuyo, ndipo mayi atsatiridwe mpaka mwana atabadwa. Yezani kuthamanga kwa magazi ulendo uliwonse ndi kufunsa za chizungulire ndi mutu. Mu SAFA odandaula mutu anali 20 pa 100 ku spironolactone ndi 12 ku placebo. Kwa amayi achichepere athanzi potaziyamu sakwera kawirikawiri, komabe m'kafukufuku ndi bwino kuyezanso patatha masabata 4 mlingo utakwezedwa, makamaka kwa opitirira zaka 45 ngati mwawalola kulowa. Samalani ndi zotsatira zabodza. Magazi otengedwa chingwe chitamangidwa nthawi yaitali pamkono, munthu akufumbata ndi kutambasula dzanja, kapena osungidwa mufiriji asanalekanitsidwe, amaonetsa potaziyamu wokwera pomwe m'thupi ali bwino. Nambala ikadabwitsa, imitsani mankhwala, tenganinso magazi mwamsanga, ndipo muone zotsatira zachiwiri musanagamule.

Lembani pasadakhale lamulo lopulumutsira amene akuipiraipira: IGA ikakwera kufika pa 4 kapena zipsera zikayamba, mayi achoke pa mankhwala a kafukufuku n'kulandira chithandizo choyenera, koma apitirize kuyezedwa. Komiti yoima payokha yoona za chitetezo iziona manambala a magulu onse awiri kamodzi pa miyezi 6.

Osiyira panjira ndi kusanthula

Amayi amasiya kubwera pa zifukwa ziwiri zotsutsana: ena nkhope yayera ndiye saonanso chobwerera, ena sinasinthe ndiye ataya mtima. Choncho kusowa kwa nambala zawo si kwangozi, ndipo kungokopera nambala yomaliza kuiika pa sabata ya 24 kumanamiza. Pa mankhwala athu awiriwa kumakondera doxycycline, poti wosiya pa sabata ya 8 amakhala atapindula kale, pomwe mnzake wa spironolactone sanayambe. Gwiritsani ntchito multiple imputation kapena mixed model, njira za masamu zoganizira nambala zosowa, ndipo muyesenso zotsatira poganizira kuti osowawo zinawaipira. Koposa masamu onsewa ndi kuteteza kuti asasowe: kubweza ndalama zoyendera tsiku lomwelo, kutsegula Loweruka kwa apantchito ndi ochita malonda, kusunga manambala a foni awiri, ndi kuuza mayi aliyense poyamba pomwe kuti kusiya mapiritsi si kusiya kafukufuku, tikumufunabe pa sabata ya 24.

Santhulani aliyense m'gulu lomwe maere anamuika, kaya anamwa kaya sanamwe. Pa non-inferiority onjezani kusanthula kwa okhawo omwe anamwa mokwanira, mwachitsanzo mapiritsi 80 pa 100 alionse, chifukwa anthu akamalephera kumwa magulu awiri amafanana mwabodza. Zonse ziwiri zigwirizane musananene kuti mankhwala ndi ofanana. Poyerekeza chiwerengero cha pa sabata ya 24 ganizirani chiwerengero cha poyambira, ndipo perekani kusiyana pamodzi ndi confidence interval yake, malire omwe kusiyana kwenikweni kuyenera kukhalamo, osati p yekha, nambala yongoyesa ngati kusiyanako kungakhale kwamwayi. Ndondomeko yonse ya kusanthula isainidwe magulu asanaululidwe.

Zilolezo zimatenga miyezi, choncho ziyambeni msanga. Ku Malawi mufunika komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, NHSRC kapena COMREC, komanso bungwe la PMRA lomwe limavomereza kafukufuku wa mankhwala. Ku Zambia kuli NHRA, yoyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, ndi ZAMRA, yoyang'anira mankhwala. Lembetsani kafukufuku m'kaundula wa makafukufuku monga PACTR, ISRCTN kapena ClinicalTrials.gov mayi woyamba asanalowe, chifukwa kuyambira 2005 magazini akuluakulu a zachipatala salandira kafukufuku wosalembetsedwa pa nthawi yake. Protocol itsate malangizo a kalembedwe otchedwa SPIRIT, lipoti litsate otchedwa CONSORT. Fomu ya chilolezo ikhale m'chinenero cha mayiyo, inene mosapsatira za kulera, za kuyezedwa mimba, za zithunzi, ndi zakuti spironolactone analembetsedwa ngati mankhwala a matenda ena osati a ziphuphu. Wosadziwa kuwerenga awerengeredwe pamaso pa mboni yomwe si wantchito wa kafukufuku, adinde chala, ndipo apite kwawo ndi kope lake.